Kwa amene afunsa za ntchito yolumikiza chipatala cha matenda a maganizo ndi anthu akumudzi

Achemwali, mwafunsa kuti munthu wotsogolera mgwirizano pakati pa achipatala, odwala matenda a maganizo ndi abale awo amagwira chiyani kwenikweni, komanso ngati ntchitoyi ndi ya anamwino okha. Si ya anamwino okha ayi. Koma amene sadziwa mankhwala amavutika nayo, poti mafunso ambiri amene abale amabwera nawo ndi a mankhwala.

Ambiri amaiona ngati ntchito yochititsa misonkhano ndi kuguba pa 10 Okutobala, tsiku loganizira za matenda a maganizo padziko lonse. Kugubako n'kwabwino, koma ntchito yeniyeni ili pakati pa tsiku limene wodwala watulutsidwa ku Zomba Mental Hospital ndi tsiku limene akuyenera kukalandiranso mankhwala kwawo, kaya ku Domasi, ku Thondwe kapena ku Mayaka. Anthu amasowa pamenepa, n'kudzabweranso patapita miyezi atamangidwa manja, matenda atakula.

Ndiye wodwala asanatuluke, onani buku lake la kuchipatala ndi maso anu. Mulembedwe dzina la mankhwala, mlingo wake, tsiku lobwerera ndi chipatala chokalandirira. Tengani manambala a foni awiri, chifukwa imodzi imakhala yobwereka kapena yothima, ndipo lembani mudzi ndi dzina la mlangizi wa zaumoyo wa deralo. Musanauze mlangiziyo kapena amfumu, mufunseni mwiniwake ngati akulola. Mukaulula popanda chilolezo, mudzi wonse umayamba kumutchula kuti wamisala, ndipo iye sadzapondanso kuchipatala. Kenaka dziwitsani namwino woyang'anira za matenda a maganizo m'boma kuti amuike m'kaundula. Akadumpha tsiku lake, muimbireni sabata yomweyo. Zikakanika, mlangizi akamuone kunyumba sabata yachiwiri isanathe.

Pa zifukwa zosiyira mankhwala ndi pofunika kukhalitsa. Haloperidol ndi chlorpromazine, mankhwala a osokonezeka mutu, amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja ndi kuchucha dovu, ena khosi limapindika kapena maso kutembenukira kumwamba. Gadiyani amene sanauzidwe akaona zimenezi amati mwana walodzedwa, kapena achipatala amuwonjezera matenda, basi mapiritsi m'chimbudzi. Chonsecho dokotala akhoza kuchepetsa mlingo kapena kupereka benzhexol, zinthu n'kusintha. Chlorpromazine amagonetsanso ndi kuchititsa chizungulire podzuka mofulumira. Amitriptyline ndi fluoxetine, a matenda okhumudwa, sagwira tsiku lomwelo: pamadutsa masabata awiri mpaka anayi munthu asanamve kusintha, ndiye wosauzidwa amasiya sabata yoyamba. Amene amaiwalaiwala mapiritsi, kambiranani ndi achipatala za jakisoni wa fluphenazine, amene ambiri amabayidwa kamodzi pamwezi. Akhunyu nawonso amabwera ku kiliniki ya matenda a maganizo. Kusiya mankhwala awo a phenobarbitone mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa, ndipo banja liuzidwe za moto wophikira ndi madzi, makamaka kwa asodzi a ku Chilwa. Liuzidwenso kuti khunyu sapatsirana, asaope kumukhudza munthu akagwa, amugoneke chammbali, asamuike kanthu m'kamwa. Inu simulemba mankhwala, koma muonetsetse kuti zonsezi zanenedwa m'chilankhulo chimene banjalo limamva. Cha ku Malosa ndi Domasi, Chiyao chimathandiza kwambiri.

Vuto lina si la wodwala. Galimoto yoyendera zipatala zing'onozing'ono imasowa mafuta, kapena mankhwala amatha. Munthu wayenda kuchokera ku Chingale, walipira kabaza, n'kupeza palibe. Akabwerera chimanjamanja kawiri, kachitatu sabwera. Choncho khalani ndi gulu la WhatsApp la alangizi a zaumoyo, ndipo ulendo ukalephereka uthenga upite dzulo lake. Dzinja lisanafike, kambiranani ndi adokotala za amene angapatsidwe mankhwala a miyezi iwiri poopa misewu. Samalani apa: munthu amene amalankhula zodzipha asasunge amitriptyline wambiri, chifukwa akamwa ochuluka amapha. Asunge ndi m'bale wodalirika.

Asing'anga, abusa ndi mashehe musalimbane nawo. Anthu amayambira kumeneko, ndipo mukawanyoza amangokubisirani odwala. Pitani mwaulemu kudzera kwa amfumu, mugwirizane zoti wodwala asamangidwe unyolo ndipo asauzidwe kusiya mankhwala. Muwaphunzitsenso odwala oti atumizidwe tsiku lomwelo: wosokonezeka mutu amenenso watentha thupi (akhoza kukhala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi), mayi amene wasokonezeka atangobereka, wokana kudya ndi kumwa, ndi wolankhula zodzipha.

Mbali ina ya udindowu ndi yakuti mawu a odwala afike pamene zinthu zimagamulidwa. Bungwe la MEHUCA, la odwala ndi owasamalira, lilipo, ndipo zipatala za boma zili ndi makomiti komanso ombudsman wolandira madandaulo. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti wodwala mmodzi amaitanidwa kumsonkhano wa Chingerezi, n'kukhala pakona mpaka nthawi ya chakudya. Tumizani awiri, mukonzekere nawo zokanena, ndipo ndalama yoyendera muwabwezere tsiku lomwelo. Dandaulo lililonse lilembedwe pamodzi ndi woyankha ndi tsiku loyankhira, ndipo yankho libwerere kwa wodandaula ngakhale litakhala lakuti sizitheka. Magulu othandizana akhale a anthu 10 mpaka 15. Gulu loyambika ndi alawansi limatha alawansi ikatha, pomwe lokhala ndi banki mkhonde kapena dimba limapitirira kukumana.

Za ndalama, chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Ntchito zanu zikapanda kulowa m'pulani ya zaumoyo ya khonsolo nthawi yokonza bajeti, mafuta simudzawaona. Muzikhalapo pa zokambiranazo.

Pa maphunziro, Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi konkuno ku Zomba, St John of God ku Mzuzu amaphunzitsa za matenda a maganizo, ndipo yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) imaphunzitsa madokotala a ntchitoyi. Ngati ndinu wa zachitukuko kapena zosamalira anthu, werengani buku la mhGAP la bungwe la zaumoyo padziko lonse (WHO), lolangiza za kuthandiza odwala matenda a maganizo, ndipo pemphani kukhala nawo m'kiliniki masiku angapo.

Akakufunsani kuti mudzaonetsa bwanji kuti ntchito ikuyenda, musawerenge misonkhano. Nenani kuti mwezi uliwonse mudzalemba odwala amene atuluka, amene afika pa tsiku lawo loyamba, amene anasowa n'kupezeka, ndi madandaulo amene ayankhidwa.