Funsani Dokotala: Andiuza kuti ndizilemba za ululu wanga m'kope

Adokotala, ndine mayi wa zaka 46 ndipo msana wakhala ukundiwawa kwa zaka ziwiri. Atandijambula X-ray anati palibe chimene chaoneka, kenako anangondiuza kuti ndizilemba m'kope mmene ndikumvera tsiku lililonse. Sindinabwererekonso, ndimangogula Indocid ndi Brufen pagolosale. Kodi akuganiza kuti ndikunama?

Mayi, amene anakuuzani kuti muzilemba sanakukayikireni ayi, chifukwa munthu amene tikumuganizira kuti akunama sitimupatsa ntchito yotibweretsera umboni wochuluka. Ululu umene wapitirira miyezi itatu timautenga ngati matenda paokha, ndipo palibe makina amene amauyeza kupatula mawu a wodwalayo.

Pali maganizo ouma amene ndimakumana nawo kawirikawiri, akuti ululu wosaoneka pa X-ray ndi wongopeka kapena wochita kulodzedwa. Chithunzi chimenechi chimaonetsa bwino mafupa basi. Minofu, mitsempha ndi timinofu tofewa ta pakati pa mafupa a msana sizioneka bwinobwino, chonsecho n'kumene ululu wambiri wa msana umachokera. Alipo okalamba amene chithunzi chawo chimaonetsa mafupa operepeseka koma akulima bwinobwino, pamene ena chithunzi chili choyera koma akulephera kumanga chitenje. Choncho kutemera mphini chifukwa chakuti chithunzi sichinaonetse kanthu n'kungodziwonjezera mabala.

Kope lija likhale lotsika mtengo, ndipo muzilembamo madzulo aliwonse mizere itatu kapena inayi. Lembani malo amene akuwawa, ngati ululuwo ukulasa, ukutentha kapena ukuchita dzanzi mpaka kumwendo, ndipo muupatse nambala kuyambira 0, kutanthauza kuti palibe ululu, mpaka 10, ululu wosapiririka. Onjezerani zimene munagwira tsikulo, monga kusenza ndowa kuchokera kumjigo kapena kuchapa mutawerama, mmene munagonera usiku, ndiponso mapiritsi amene mwamwa ndi kuchuluka kwake. Mukafika kuchipatala n'kunena kuti "ukungowawa nthawi zonse", ife sitidziwa poyambira. Koma tikawerenga kuti msana umauma m'mawa kupitirira theka la ola kenako n'kumasuka mukayenda, timaganizira za kutupa kwa mfundo za mafupa, zimene chithandizo chake n'chosiyana ndi cha ululu wobwera mukanyamula katundu. Musabise masiku amene munali bwino poopa kuti sakukhulupirirani, chifukwa nawonso amatiuza zambiri.

Za pagolosalezo ndiye ndikudzudzuleni pang'ono. Indocid ndi Brufen ndi mankhwala a gulu limodzi, ndipo kuwamwa pamodzi kwa nthawi yaitali kumayambitsa zilonda za m'mimba, kumawononga impso ndiponso kumakweza BP. Musiye kuwaphatikiza. Ngati mukumwa Panado, musapitirire mapiritsi 8 a 500mg patsiku.

Lembani kwa milungu iwiri, kenako mubwerere kuchipatala chomwe chija mutatenga kopelo, buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, kuti akuyezeni BP ndi impso asanakusankhireni chithandizo kapena kukutumizani kwa ophunzitsa mafizo. Koma mukaona kuti mukuonda, mukutuluka thukuta usiku, miyendo ikufooka, mkodzo ukungotuluka wokha, kapena chimbudzi chikuda ngati makala, musadikire kuti milungu iwiriyo ikwane. Pitani tsiku lomwelo, popeza TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo chimbudzi chakuda chimasonyeza kuti m'mimba mukutuluka magazi.