Amalume amazimitsa chigayo pakangomveka kaphokoso: kodi si kutaya ndalama?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wa ku Mchinji amene akuphunzira ntchito pachigayo cha amalume ake. Akuti amalumewo anayamba ndi chigayo chimodzi, lero ali nazo zitatu, koma ali ndi khalidwe lomwe limamutopetsa: pakangomveka kaphokoso kachilendo amazimitsa makina pomwepo, ngakhale amayi ali pamzere ndi ndowa zawo. Funso lake n'lakuti, bwanji osadikira madzulo anthu atatha?

Achimwene, amalume anuwo akudziwa chomwe akuchita, ndipo mwina n'chimene chafikitsa zigayozo pa zitatu. M'chigayo vuto silikhalitsa lili lokha. Limabala linzake, ndipo mwanayo amakhala wodula kuposa kholo.

Tiyambe ndi nyundo, zitsulo zomwe zimaphwanya chimanga m'kati mwa chigayo. M'zigayo zambiri nyundo zimazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi imodzi. Imodzi ikathyoka, kapena ikabenthuka chifukwa cha msomali wobwera ndi chimanga, mbali ina imalemera kuposa inzake ndipo chigayo chimayamba kunjenjemera. Kunjenjemerako kumagwera mabering'i, tizitsulo tomwe shafuti (mtanda wachitsulo wozunguza nyundo) imazunguliramo. Bering'i ikayamba kudyeka imatentha, ikagwira imakanda shafuti, ndipo shafuti yokandika sigwiranso bwino bering'i yatsopano. Pamenepo ndiye kumasula zonse n'kunyamula shafuti kupita nayo kwa amisiri mutawuni. Ntchito yomwe ikanatenga theka la ola yasanduka masiku angapo chigayo chili chotseka, amayi aja atazolowera kukagaitsa kwina. Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Ndipo posintha musasinthe nyundo imodzi yokha: sinthani ndi inzake yoyang'anizana nayo, kapena tembenuzani zonse nthawi imodzi, kuti kulemera kufanane.

Mota ndiye siyembekeza madzulo n'komwe. Mota ya chigayo imayendera mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu obweretsa magetsi. Fezi imodzi ikachoka, kaya vuto ndi la ESCOM kaya ndi fyuzi yanu, mota imapitiriza kuzungulira koma ikung'ung'udza, mphamvu itachepa. Mawaya a mafezi otsalawo amakoka magetsi opitirira muyezo, ndipo m'mphindi zochepa mumamva fungo la kupsa. Kachipangizo ka overload mu sitata (bokosi loyatsira mota) kanaikidwa kuti kazizimitsa mota zikatere. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti ambiri kakamazimitsa pafupipafupi amakalumikiza ndi waya kuti kasawavutitse, m'malo mofufuza chomwe chikukazimitsa. Amalipira pambuyo pake, powaindanso mota, ndiko kukulungamo mawaya atsopano itapsa.

Komabe muli ndi mfundo. Si vuto lililonse lofuna kuti ntchito iime, ndipo mukawapenyetsetsa amalume anu muona kuti sakonza zonse nthawi yomweyo. Chomwe sazengereza ndi kuyang'ana. Azimitsa, aona, kenako asankha. Phokoso la chitsulo kumenya chitsulo, kunjenjemera kwatsopano, fungo la kupsa, kapena nyumba ya bering'i yotentha moti dzanja simungaligwiritsepo masekondi ochepa, izi n'zokonza pompo. Tizibenthu ta chimanga mu ufa timasonyeza kuti sefa yabooka, nayonso sinthani pompo, chifukwa mukuwononga ufa wa munthu. Koma nyundo zomwe zangozungulira m'makona moti ufa ukuchedwa kutuluka, kapena lamba woyamba kung'aluka pang'ono, zingadikire madzulo a tsiku lomwelo. Lembani m'kope, chifukwa chosalembedwa chimafika sabata yamawa.

Za lamba, muyeseni makina atazima. Mukamukanikiza pakati ndi chala, alowe pafupifupi masentimita 1.5 pa mita iliyonse ya mtunda wa pakati pa mapule, mawilo omwe lambayo amayendapo. Wolefuka amaterereka n'kutentha, womangitsa amapha mabering'i. Ngati malamba ali atatu, sinthani onse pamodzi, apo ayi watsopanoyo asenza katundu yekha. Girisi nayenso akachuluka amatenthetsa bering'i, choncho musamathire mongopopa.

Nanga n'chifukwa chiyani ambiri amazengereza, chonsecho akudziwa zimenezi? Kawirikawiri si ulesi. Alibe sipeya pafupi, ndalama ya tsikulo inapita kale ku zina, ndiye kuzimitsa kumatanthauza kutseka. Kafunseni amalume zomwe amasunga m'kabati. Ndikukhulupirira mupezamo sefa, mabering'i awiri, seti ya nyundo, malamba ndi mafyuzi. Munthu wokhala ndi zimenezi saopa kuzimitsa. Inunso yambani kupatula kandalama tsiku lililonse, musanawerenge phindu, ndipo sipeya ikangogwiritsidwa ntchito gulani ina sabata yomweyo. Ikaninso maginito pomwe chimanga chimalowera, agwire misomali isanafike ku nyundo.

Za makasitomala musade nkhawa kwambiri. Chimakwiyitsa anthu ndi kungokhala osauzidwa kanthu. Tulukani muwauze kuti, "Amayi, pepani, tikusintha sefa, tipatseni mphindi makumi awiri, mzere wanu uli momwemo." Mukaona kuti ntchito ikula, nenani msanga kuti wofulumira apite kwina asanataye tsiku. Wantchito amene akuthira chimanga chosapeta mulankhuleni tsiku lomwelo, pambali, osati pamaso pa anthu, komanso osasunga nkhaniyo mpaka tsiku la malipiro.

Pomwe simuyenera kufulumira ndi potsegula chivundikiro. Zimitsani pa switchi yaikulu, osati pa batani lokha, ndipo dikirani nyundo ziime kotheratu, pakuti zimazungulirabe kwa kanthawi magetsi atazima. Ngati pali wina pafupi ndi switchiyo, muuzeni kuti dzanja lanu lili mkati.