Mkango pa chidindo si umboni woti mwini wake anali lodi

Mayi wina wokhala ku Leeds wandilembera imelo. Akuti anagula chidindo chakale pamsika wa zinthu zamakedzana, chogwirira chake cha mwala wofiirira, kunsi kwake kozokotedwa chishango (chizindikiro cha ulemu wa banja) chokhala ndi mkango. Wogulitsa anawauza kuti chinali cha lodi wina, kutanthauza mmodzi wa olemekezeka a udindo wapamwamba ku Britain. Akufunsa ngati n'zoona.

Mayi, musanamukhulupirire, dindani kaye pa phula losungunula kapena pa dongo lofewa. Zidindo zimenezi ankazizokota motembenuza, ngati mmene zilembo zimaonekera pagalasi, ndiye chithunzi chenicheni chimatuluka mukadinda.

Mukatero musatengeke ndi mkangowo, mikango ili mbwee pa zishango za ku Britain. Yang'anani pamwamba pa chishango. Lodi amadziwika ndi kachisoti kaufumu, ndipo kachisotiko kamaulula udindo wake. Ka baron kamaonetsa timipira 4. Ka earl kamaonetsa timipira 5 tokhala pansonga pa timitengo tatitali, pomwe ka duke kalibe timipira, kali ndi masamba a sitiroberi okhaokha. Mukaona kadzanja kotambasula pachishangopo, mwini wake anali baronet, udindo umene Mfumu James I inayambitsa mu 1611. Ameneyo amangotchedwa Sir, si lodi. Timizere ting'onoting'ono tomwe mungayese kuti ndi kukalika chabe, nato tili ndi ntchito, timaimira mtundu poti mwala supakidwa penti: totsika ndi kufiira, topingasa ndi buluu, timadontho ndi golide.

Ngati kachisoti palibe, ine ndingaganize za wamalonda kapena loya. Chisanafike chaka cha 1840, positi ya ku Britain inkalipiritsa powerenga mapepala, envulopu nayo n'kuwerengedwa ngati pepala lina. Choncho anthu ankangopinda kalata n'kuimata ndi phula, ndipo aliyense wolemba makalata pafupipafupi ankafuna chidindo chake. Ambiri amene analemera ndi malonda ankangopita kwa wozokota, iye n'kutsegula buku, kupeza dzina lofanana ndi lawo, basi mkango uja wakhala wawo. Komatu mwalamulo chishango chimapatsidwa kwa munthu mmodzi ndi mbumba yake, osati kwa onse a dzina limodzi.

Osunga kaundula wa zimenezi ndi a College of Arms ku London, amene anakhazikitsidwa mu 1484. Amafufuza mukawalipira, koma muyambe mwaona ngati ndalamazo sizipitirira zimene munagulira chidindocho. Munditumizire kaye chithunzi cha phula lodindidwalo, mutachijambula pafupi ndiponso powala bwino.