Kodi ndi kugwedezeka kwa maatomu kumene kumamata maelekitironi mu YBCO?

Aphunzitsi ena a Physics ku Kasungu atumiza imelo yofunsa za YBCO, superconductor (chinthu chopititsa magetsi popanda chowatchinga chikazizira kwambiri) yopangidwa ndi yttrium, barium, kopa ndi oxygen. Akuti: "Mabuku amati mu superconductor maelekitironi amayenda awiriawiri chifukwa cha kugwedezeka kwa maatomu. Nanga bwanji ena akuti mu YBCO sizili choncho?"

Aphunzitsi, zomwe mwawerengazo ndi mfundo ya Bardeen, Cooper ndi Schrieffer ya mu 1957. Elekitironi ikamadutsa imakokera maatomu kwa iyo, ngati phazi likamira m'dambo, ndipo inzake imatsetserekera m'dzenje lomwelo. Kugwedezekako ndiye phonon. Atomu ikalemera imagwedezeka mwaulesi, choncho Tc, mlingo wa kuzizira pomwe magetsi amayamba kuyenda popanda chowatchinga, imatsika.

Poyesa, amadula YBCO pawiri. Chidutswa china amachiwotcha mu mpweya wa oxygen-16, china mu oxygen-18, ng'anjo imodzi, nthawi yofanana. Oxygen-18, pokhala yolemererapo, imachepetsa liwiro la kugwedezeka ndi pafupifupi 6 peresenti, ndiye chikhala kuti gwero lonse ndi oxygen, Tc ya 92 K (K ndi kelvin, muyeso wa kutentha) ikanatsika ndi 5 K. Imatsika osafika ndi 1 K yomwe. Msampha uli apa: zidutswazo zikamwa oxygen wosiyana kuchuluka, Tc imasuntha pa chifukwa china. N'chifukwa chake amaziyeza pa sikelo, kenako n'kuzisinthanitsa mpweya kuti aone ngati Tc ibwerera pakale.

Komabe musafulumire kutaya phonon. Mu YBCO yochepa ma hole (malo opanda elekitironi), kusintha oxygen kumatsitsa Tc kwambiri ndithu.

Chimene chimasokoneza ndi kukankhana kwa maelekitironi. Tengani La2CuO4, ya lanthanum, kopa ndi oxygen; iyo ndi YBCO zonse ndi za m'gulu la ma cuprate. Masamu osalabadira kukankhanako amati ipititsa magetsi, koma siyipititsa. Ganizani minibasi ya ku Lilongwe: mpando uliwonse ndi wa anthu awiri, pakhala mmodzimmodzi, koma aliyense safuna woyandikana naye. Palibe amene angasunthe. Mtengo wokhalira maelekitironi awiri pa atomu imodzi ya kopa ndi pafupifupi 8 eV (eV ndi muyeso wa mphamvu), pamene phonon ya oxygen siposa 0.1 eV. Mukalowetsa strontium m'malo mwa lanthanum wina, mipando ina imatsala yopanda munthu. Amenewo ndiwo ma hole, ndipo Tc imafika pachimake akakhala pafupifupi 0.16 pa kopa aliyense.

M'khamu lotere phonon imasintha khalidwe. Ma hole akachepa amayenda mokwawa, maatomu n'kupeza nthawi yowazinga ndi kuwalemeretsa. Chinanso, hole siyenda yokha, imasuntha pamodzi ndi oyizungulira, choncho phonon imavutika kuikhotetsa mwamphamvu. Chimatsala ndi kukhotetsa pang'ono chabe. Izi n'zofunika chifukwa mu cuprate kugwirana kwa awiriwo ndi kwa d-wave, komwe chizindikiro chake (+ kapena −) chimasintha mukatembenuka madigiri 90. Phonon yomwaza mofanana mbali zonse siwonjezerapo kanthu, koma yokhotetsa pang'ono ikhoza kuthandiza.

Mu 2001 Lanzara ndi anzake, pogwiritsa ntchito ARPES (njira yotulutsa maelekitironi ndi kuwala n'kuyeza mphamvu ndi mbali yomwe alowera), anaona liwiro la maelekitironi likusintha mwadzidzidzi pafupi ndi 70 meV (0.07 eV), mphamvu yofanana ndi ya phonon ya oxygen. Mu 2008 Giustino, Cohen ndi Louie anawerengera phonon ndi masamu osalabadira kukankhana aja n'kupeza kuti ndi yofooka kwambiri moti singabweretse kusinthako. Ena anati basi, gwero ndi spin, umaginito wa elekitironi. Ife tikuona kuti masamuwo anaphonya kukankhana komwe kuli phata la nkhaniyi, ndiye sangatseke mlandu. Spin ndiyo ikuoneka kuti ikutsogolera, phonon ikuthandizira.

M'kalasi, chitsanzo cha phonon chosakanganitsa ndi MgB2 (magnesium ndi boron), yomwe Tc yake ya 39 K inapezeka mu 2001.