Mwana wa m'nkhani yanga akumveka ngati mkulu: vuto lili pati?

Funso: Ndikulemba nkhani yopeka ya mnyamata wa zaka 12 amene akusambira kuwoloka mtsinje wosefukira pofuna kuonetsa mayi ake kuti wakula. Asanadziponye m'madzi akunena kuti, "Ndikufuna ufulu wanga wodziimira payekha, ngakhale ndiike moyo wanga pachiswe." Anzanga atawerenga akuti mwana sangachite zotere. Kodi cholakwika ndi nkhaniyo kapena Chichewa changa?

Yankho: Zimene mnyamatayo akuchita n'zotheka ndithu. Chimene chawakayikitsa anzanuwo ndi mawu amene mwamuika m'kamwa.

Tiyambe ndi chaching'ono. Popeza akudzinena yekha, akanati "pandekha". Mawuwa amasintha malinga ndi munthu: pandekha, pawekha, payekha, patokha, panokha, paokha. Ambiri amangolemba "payekha" paliponse, ndipo khutu la wowerenga limamva msanga kuti china chapotoka.

Koma ngakhale mutakonza pamenepo, chiganizocho sichikhala cha mwana. "Ufulu" ndi liwu la m'mabuku, la pa wailesi ndi la pa msonkhano. Timati Malawi idalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, timakamba za ufulu wachibadwidwe. "Kudziimira pawekha" nako timanenera munthu wamkulu amene wayamba kudzipezera zosowa zake, wasiya kudalira makolo. Mwana wa zaka 12 akapsa mtima salankhula choncho. Amati, "Sindine mwana ine!" kapena "Mundisiye, ndingathe," kapena mwachidule, "Muona." Liwu limodzi lomalizali lanyamula zonse zimene munafuna kunena.

"Kuika moyo pachiswe" ndi Chichewa chokoma, koma onani amene amachiyankhula. Ndi munthu woonerera, amene wayeza ngoziyo n'kuona kuti pali imfa. Mayi ake akhoza kunena zimenezo, inunso monga wofotokoza nkhani mukhoza. Mnyamatayo ayi. Pa msinkhu umenewo amadziwa bwino kuti imfa iliko ndipo wakufa sabwerera, koma pamene waima m'mbali mwa mtsinjewo maganizo ake ali pa tsidya linalo ndi pa nkhope za amene amukayikira. Mukamupatsa mawu ovomereza imfa, mwasandutsa nkhani ya makani kukhala nkhani ya mwana wofuna kudzipha, imene ndi nkhani inanso yofuna kalembedwe kake.

Ndinenepo kanthu kena, ngakhale sikokhudza chiyankhulo kwenikweni. Mu 2005 Margo Gardner ndi Laurence Steinberg a ku America adayesa anthu ndi masewera a pakompyuta oyendetsa galimoto. Adapeza kuti achinyamata amachita zowopsa zambiri anzawo akamawaonerera kusiyana ndi akakhala okha, pomwe akuluakulu sasintha kwambiri. Choncho ikani anzake awiri kapena atatu pagombepo. Mmodzi angonena kuti, "Ukuopa iwe." Palibenso wowerenga amene adzafunse chifukwa chimene wadumphira.

Samalaninso ndi mmene akuyankhulira kwa mayi ake. Ngakhale atakwiya, mwana amasunga "inu": "Mumanditenga ngati khanda." Ngati tsiku limenelo lilime lake literereka n'kunena kuti "undisiye", wowerenga adzidzimuka kuposa mmene angadzidzimukire ndi madziwo. Chida chimenechi ndi champhamvu, choncho chigwiritseni ntchito kamodzi kokha m'nkhani yonse. Ndipo ngati muli ndi maganizo otsekera nkhaniyo ndi mwambi woti mawu a akuluakulu akoma akagonera, ine ndingakuletseni. Wowerenga adzaona ngati mwanayo mwamulenga kuti mungomulanga.

Funso: M'nkhani ngati yomweyi, ndilembe kuti "mayi ake anati adzipita" kapena "azipita"?

Yankho: Lembani "azipita". Mphatikira "-zi-" amaonetsa lamulo, chilolezo kapena zochitika mobwerezabwereza: azipita, uzimvera, tizisambira. Koma "-dzi-" amabweza ntchito kwa mwini wake: kudziponya, kudzivulaza, kudzidalira. Munthu sangadzipite. Awiriwa akhoza kukumana m'liwu limodzi, ndipo "-zi-" ndiye amatsogola: "Mwana azidzisamalira akamasewera kumadzi."