Kodi kusabereka kumafoola mafupa?

Mayi wina wazaka 33 wandilembera pa imelo kuti: "Tatha zaka 6 pabanja popanda mphatso. Msambo unasiya miyezi 8 yapitayo koma sindine woyembekezera. Ndinamva kuti mafupa a amayi osabereka amafooka msanga. Kodi n'zoona?"

Achemwali, pepani ndi mtolo umene mwasenzawu. Kusabereka pakokha sikudya mafupa. Mayi amene machubu ake anatsekeka koma amasamba mwezi ndi mwezi, mafupa ake amakhala ngati a mnzake wa ana anayi. Chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi miyezi 8 ija.

Fupa si mwala. Tsiku lililonse thupi limagumula fupa lakale n'kumanga latsopano, ndipo homoni ya estrogen ndi imene imaletsa kuti kugumulako kusapose kumanga. Msambo ukasowa nthawi yaitali, kawirikawiri estrogen amakhala atachepa. Mwina mazira asiya kukhwima musanafike zaka 40, mwina homoni ya mkaka, prolactin, yakwera, mwinanso thupi laonda kwambiri. Zikatero fupa limadyeka m'kati ngati nsichi yolowa chiswe: kunja ili bwinobwino, kupweteka kulibe, mpaka tsiku lothyoka. Pali PCOS, vuto la mahomoni lolepheretsa mazira kukhwima bwino, imene imasokonezanso msambo, koma pa vuto limeneli estrogen nthawi zambiri sachepa. N'chifukwa chake musadziyeze nokha.

Kukhwima kwa mafupa amayeza ndi makina a DXA, pamsana ndi m'chiuno. Kwa inu amene simunafike msinkhu wosiya kusamba, adokotala amayang'ana Z-score, imene imakuyerekezani ndi amayi amsinkhu wanu, ikafika -2.0 kapena kutsika kuposa apo, ndiye kuti mafupa ndi opepuka. M'magazi amayeza CTX, yosonyeza kugumula, ndi P1NP, yosonyeza kumanga. Ziwirizi zimangonena liwiro la ntchitoyo, sizitchula matenda. Ine ndingakonde ndalama zanu ziyambe zapita poyeza FSH (homoni yokhwimitsa mazira), prolactin ndi mahomoni a chithokomiro, chifukwa gwero likapezeka, chithandizo chake chimatetezanso mafupa.

Mukapita, muwauze ngati munabayitsapo jakisoni wa Depo, kapena ngati mumamwa ma ARV okhala ndi tenofovir, poti zonsezi zimapepulako mafupa. Ma ARV musasiye, chonde.

Pakali pano usipa ndi matemba muzidya ndi minga yomwe, chambiko akapezeka musamusiye, muziyenda ndi kuwothera dzuwa. Munthu wamkulu amafunika calcium wokwana mamiligalamu 1,000 patsiku. Koma kwa dokotala wa amayi pitani mwezi uno, ndipo bambo akunyumba mupite nawo akayezedwenso za kubereka.