Fyuluta yakana kumasuka, bawuti ya wilo yathyoka

Bambo wina wandilembera imelo za galimoto yake, Mini ya 1979. Akuti pomwe amafuna kusintha oilo, fyuluta inakaniratu kutembenuka, ndipo atati amasule wilo ya kutsogolo, bawuti imodzi inathyoka nati ili pomwepo. Amene anamanga zonsezi ndi a ku galaja ina. Funso lake ndi lakuti: kodi kumangitsitsa sikuli bwino kusiyana ndi kuti wilo ikaguluke pamsewu?

Bambo, mantha anuwo ndi omveka, koma kumangitsitsa nakonso kumagulula wilo. Nati ikamamangidwa, bawuti imatamuka pang'ono, mwakuti diso silingaone, ndipo kutamuka kumeneko ndiko kumapana wilo. Chitsulo chili ndi malire ake. Mukapitirira malirewo sichibwereranso mwakale, chimaonda pamene payambira mazinga, mphamvu yopana n'kuchepa. Bawuti yotereyi imakhala yafa kale ngakhale ikuoneka bwinobwino. Yanuyo inathyokera m'manja mwanu galimoto ili pa jeke, ndipo muyamike, chifukwa ena zimawachitikira pakhona galimoto ikuthamanga.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti amakaniko ambiri anazolowera magalimoto amakono, omwe mabawuti ake ndi onenepa ndipo ambiri amafuna mphamvu yoposa 100 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira nati). Mabawuti a Mini ndi owonda, mainchesi 3/8 okha, ndipo buku lake limati manati amangidwe pa 42 lb ft (muyezo wina wa mphamvu yomweyo), yomwe ndi pafupifupi 57 Nm. Ndiye wina atenge makina a mpweya aja omangira manati, omwe amatulutsa mphamvu yoposa pamenepo kangapo, angokanikiza mpaka atasiya kulira. Zotsatira zake ndi mabawuti otamuka, mabowo a limu okumbika, ndipo nthawi zina dilamu ya mabuleki imapindika, pedulo n'kumanjenjemera mukaponda.

Musasinthe yothyoka yokhayo ayi. Anzake pa wilo imeneyo anamangidwa ndi dzanja lomwelo, choncho onse anayi achoke. Kuwilo zinazo yesani kuyendetsa nati ndi zala: ikayenda n'kukakamira pakati, mazinga atamuka. Gulani torque wrench, sipanala ija imalira kuti "tha" ikafika pa mphamvu imene mwaika. Manati muyambe ndi zala, mumange modumphitsa, iyi kenako yoyang'anana nayo, ndipo mumalize galimoto itatsika pansi. Girisi pa mazinga musapake, chifukwa manambala a m'bukumo ndi a mazinga ouma. Opaka mafuta amaterera, bawuti n'kutamuka mopitirira sipanala isanalire. Mukayenda makilomita 50 kapena 100, yesaninso.

Kwa ena amene mukuwerenga: magalimoto ambiri a Chrysler, Dodge ndi Plymouth a zaka za m'ma 1960 ali ndi mabawuti a mazinga otembenuza pa mawilo a kumanzere kwa galimoto, moti nati imamasuka mukaizungulitsa mbali imene zina zimamangira. Kunsonga kwa bawuti kumakhala chilembo L. Munthu wosadziwa amadzaikira paipi pa sipanala, akuganiza kuti akumasula pamene akumangitsa.

Za fyuluta n'zapafupi. Chimatseka oilo ndi labala yozungulira ija, osati mphamvu ya mkono. Ipakeni oilo watsopano ndi chala, zunguzani fyuluta ndi dzanja mpaka labala ikhudze injini, kenako onjezerani magawo atatu a magawo anayi a kuzungulira kumodzi, kapena monga alembera pa fyulutayo. Sipanala ya fyuluta ndi yomasulira basi. Labala yomangidwa youma ndiponso yofinyidwa kwambiri imapsa ndi kutentha kwa injini n'kumatirira.

Yakanayo, tenthetsani injini pang'ono, pukutani fyuluta kuti isaterere, ndipo lamba wa sipanala mumuike kumunsi, pafupi ndi injini, pamene chitinicho n'cholimba. Pakati chimangophwanyika. Mukhoza kuika sandipepa pansi pa lambayo kuti agwire. Kuiboola ndi sikuludiraiva kukhale komaliza, chifukwa chitini chikang'ambika mumatsala ndi tsinde lokha, ndipo kulichotsa kumafuna tchizulo ndi hamala pamalo opanikiza. Ikachoka, onetsetsani ngati labala yakale yatuluka nayo. Ikatsalira pa injini inu n'kumanga yatsopano pamwamba pake, oilo amatha kutayika yense pa mphindi zochepa injini ikulira.